Tsiku Limene Adada Analawa Lalanje Langa

Ana inu, tavulani zipewa za gulu lanuzo mukhale pansi, mukundizunguza mutu. Chitsikireni m'galimoto muja pakamwa panu sipanatsekeke: taona munda wa zipatso, taona mpope wothirira, atipatsa makope, atidyetsanso mabanzi. Iwe Chawezi, ati akusankha kukhala wapampando wa achinyamata? Zikomo kwambiri, bwana. Sendera kuno, nkhani iyi ndi yako. Inenso ndinakhalapo mtsogoleri wa gulu ngati lanuli, ndipo ndinatsala pang'ono kuthamangitsidwa pamudzi chifukwa cha kampeni kakang'ono kosendera mbatata.

Zinali m'zaka za nkhondo ya azungu ija, ine ndili mnyamata wa ndevu ziwiri zitatu. Sukulu yathu, kuseri kwa Kapichila uko, inali yofolera ndi udzu, mipando yake mitengo yogoneka pansi. Kunabwera aphunzitsi atsopano, aNyirongo, munthu wamfupi woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Iwo anasankha ife akuluakulu khumi ndi awiri, anyamata asanu ndi atatu, atsikana anayi, natitcha Gulu la Khasu. Ntchito yathu inali kuphunzira ulimi watsopano kuti tikaphunzitse makolo athu. Tangoganizani! Mwana kukauza bambo ake kuti mizere yawo yalakwika, iziyenda mopingasa osati motsetsereka ndi madzi. Anzanga ena analandira makofi kunyumba chifukwa cha mizere imeneyo. Tinkakumbanso maenje a manyowa, n'kumatola ndowe za ng'ombe m'malichero otha, anthu akutiloza kuti sukulu yatipengetsa.

Ine anandiika kukhala kapitawo. Si kuti ndinali ndi nzeru kuposa anzanga, ayi. Ndinali wamtali, wa mawu aakulu, basi. Anandiveka wenzulo wachitsulo m'khosi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mudzi sunapumenso. Ndinkaliza ngakhale poitana nkhuku.

Zipatso masiku amenewo sitinkabzala. Zinali za Mulungu kutchire: masuku, nthudza, matowo. Ukazifuna unkangotsatira anyani. Ndiye tsiku lina aNyirongo anatulutsa m'thumba chinthu chozungulira, chachikasu, nayamba kuchisenda, fungo lake n'kudzaza kalasi yonse. Lalanje limodzi, anthu khumi ndi awiri. Aliyense analandira kachidutswa ngati chala cha mwana. Ine kanga ndinakavumata mkamwa mpaka kunyumba, kuopa kuti nditameza kukoma kutha. Inu amene mumaponyerana malalanje ngati mpira simungazimve zimenezi.

Aphunzitsi anati mbande zilipo ku boma, kwa mlangizi wa zaulimi, koma pakufunika malo a madzi osaphwa. Malo otero pafupi ndi sukulu anali amodzi okha: dimba la adada. Dimba limenelo silinali lamasewera. Ndilo linkatiwolotsa miyezi ya njala. Anzathu akamapukuta pansi pa nkhokwe, ife tinkadya chimanga chachiwisi, maungu ndi nkhwani za kudimba. Ine, wenzulo ali pachifuwa, ndinauza aphunzitsi kuti asadandaule, dimbalo tatenga kale. Adada ndinali ndisanawafunse n'komwe.

Adada anali munthu wa mawu ochepa. Ng'ombe zawo ankazilankhula kuposa ife. Wolankhula pabanja anali mkulu wawo, adada aakulu aZondiwe, munthu wa nthabwala amene ankaseka ngakhale pokukana. Nkhani ya dimba sikanatha popanda iwo. Ndinagwada pamaso pa onse awiri, n'kufotokoza za lalanje mpaka malovu kuuma.

“Iwe Yotamu,” anatero aZondiwe, “chimanga ubyala lelo, miyezi itatu wadya. Ichi chako ubyala lelo, udya uli na imvi. Nanga pakati apa azing'ono ako adya wenzulo?”

“Zaka zitatu chabe, adada. N'chokoma kupambana uchi.”

“Chabwino. Zaka zitatu. Chipatso choyamba alawa awa adada ako, eni dimba. Chikakoma monga ukunenela, dimba nilanu. Chikapanda kukoma, nidula mitengo yonse na nkhwangwa yanga, ndipo iwe unyamuka, ukalime fodya ku mafamu a azungu. Sitingasunge munthu wogoneka ana na njala chifukwa cha fungo.”

Mafamu amenewo ndinkawaopa. Anyamata amene anapita kumeneko ena anabwerako patapita zaka zambiri, ena sitinawaonenso. Ndinayang'ana adada, kuganiza kuti akana. Iwo anangokanda chibwano nati, “Yewo, tamva. Tenga mbali ya chinyezi.” Tsiku limenelo amama anandigawira ndiwo zochepa.

Ulendo wa ku boma tinanyamuka m'mamawa, mame akadali pa udzu, kamba wathu mbatata zootcha ndi mtedza. Inu mwapita ndi galimoto n'kumadandaula za fumbi. Ife tinayenda mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo ambiri aife kanali koyamba kuona nyumba ya njerwa zootcha. Mnzanga wina anavulira chipewa mlonda wa pachipata, kuganiza kuti ndiye bwanamkubwa. Mlangizi anatipatsa mbande khumi ndi ziwiri m'timadengu ta bango, aliyense yake. Mbande iliyonse inali yomangidwa kansalu cham'munsi, ngati mwana wothyoka mwendo. Tinazisenza pamutu kubwerera, tikuimba, ine patsogolo. Panjira mtsikana wina, Tiyezge, wamng'ono kuposa tonse, anaponda chisonga, phazi n'kutupa. Anafika akutsimphina koma mbande yake sanapatse munthu.

Ayi, Mwiza, leka kundiyang'ana choncho, Tiyezge si agogo ako aakazi. Uja anali ndi nzeru, anakakwatiwa kwina.

Tsiku lobzala ndi limene ndinadzikumbira dzenje. Aphunzitsi anagwada pa mbande yoyamba nayamba kufotokoza za kansalu kaja. Ine ndinaona kuti kufotokoza kwachuluka, ntchito ikuchedwa. Ndinaliza wenzulo, n'kufoletsa gulu lonse pamzere ngati asilikali, mitsuko pamutu, ulendo wa kumtsinje. Amene anatsala ndi aphunzitsi anali Tiyezge yekha, chifukwa cha phazi lija. Aphunzitsi anaganiza kuti adzabwereza phunzirolo tsiku lina. Tsiku limenelo silinafike. Pasanathe mwezi anaitanidwa kukakhala kalaliki wa asilikali, ndipo amene anabwera m'malo mwawo ankadziwa nyimbo ndi masamu okha. Potsanzika anandigwira paphewa nati, “Yotamu, mitengo iyi naisiya m'manja mwako.” Mutu wanga unakula kuposa dengu.

Inu lero mwaona kumezanitsa mitengo ndi maso anu. Amatenga tsinde la ndimu, mtengo wolimba wosaopa chilala, n'kulumikizapo kanthambi ka lalanje, n'kumanga. Za pansi pa chomangiracho ndi ndimu, za pamwamba ndi lalanje. Ine zimenezi sindinkazidziwa, ndipo ndimu ndinali ndisanaionepo chibadwire.

Mvula itagwa, mtengo uliwonse unatulutsa mphukira ziwiri. Ya pamwamba pa kansalu inali yowonda, yamanyazi. Ya pansi inali yonenepa, yobiriwira bii, ya minga, yokula ngati ikuthamangitsidwa. Tsono ine ndinali katswiri wopatulira chimanga. Mwana aliyense wobadwira pa khasu amadziwa lamulo lake: pa phando pakamera zambiri, zula chofooka, siya champhamvu. Ngakhale m'khola adada ankasiya nkhunzi yamphamvu, zinazo n'kufula. Ndinaona kuti mlangizi wa ku boma uja anaiwala kupatulira, ndipo ine ndimukonzera. Ndinalamula kuti mawa aliyense abwere ndi mpeni.

Tiyezge anaima patsogolo pa mtengo wake, manja kumbuyo.

“AYotamu, aphunzitsi anati yapamwamba ndiyo lalanje. Yapansi ikatuluka tizichotsa.”

“Ananena liti? Ine sininamve.”

“Munali kumtsinje.”

Anyamata anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunanditseka makutu. Akananena mnyamata, kapena akanandiuza tili awiri, mwina ndikanamva. Koma kamtsikana, pamaso pa gulu langa!

“Iwe unaonapo munthu wozula chimanga chonenepa, n'kusiya chowonda?”

“Nanga akanafuna yonenepayo, akanavutikilanji kumanga yowondayo na nsalu?”

Funso limenelo linali labwino. Ndinalimva kuti ndi labwino, n'chifukwa chake ndinakwiya. Ndinaliza wenzulo, mipeni n'kugwira ntchito. Mitengo khumi ndi umodzi tinaidula malalanje onse, n'kusiya mandimu. Tiyezge anawerama, nadula mphukira yonenepa ya mtengo wake, naitaya pamapazi panga. Ndinamuchotsa m'gulu tsiku lomwelo. Iye sanalire. Ankabwerabe ndi mtsuko wake ife titaweruka, kudzathirira mtengo wake kumapeto kwa dimba, pafupi ndi chulu. Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinaposa pamenepo, chifukwa ndinachita kuuzidwa.

Zaka zitatu zimenezo, mukanandiona! Mitengo yanga inakula msanga, chaka chachiwiri inali itandipitirira. Wa Tiyezge unali wofika m'chiuno. Ndinkatenga alendo kukawaonetsa kusiyana kwake, n'kumati, “Onani za munthu wosamva.” Chilimwe tinkatunga madzi mpaka makosi kulowa m'mapewa. Tinamanga mpanda wa minga chifukwa cha mbuzi. Mbuzi za kale zinali ndi mwano kuposa za lero, zinkakuyang'ana m'maso zikutafuna chinthu chako.

Koma kunyumba kunalibe zoseka. Miyezi ya njala amama anayamba kupita kukasuma m'midzi ya eni, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiwire. Azing'ono anga ankayang'ana kudimba, kumene kale kunkachokera maungu, n'kuona masamba osadyeka. Zinkandiwawa, koma ndinkadziuza kuti lalanje likadzapsa aiwala. AZondiwe tikakumana panjira ankati, “Monile, a kapitawo! Nkhwangwa yanga ikupatsani moni.” Adada nthawi zina ndinkawapeza ataima pampanda, akuyang'ana mitengo ija monga ankayang'anira ng'ombe ya bere.

Chaka chachitatu mitengo inachita maluwa, kenaka zipatso. Zinali zazikulu ngati nkhonya ya munthu wamkulu, khungu lake lokhakhala. Mtengo wa Tiyezge unabereka zisanu zokha, zosalala. Iye anandiuza kuti zangazo sizikufanana ndi lija anatidyetsa aphunzitsi. Ndinamuyankha kuti lija linali la m'tauni, losadya manyowa.

Mufunsa kuti bwanji sindinabe limodzi n'kulawa. Inu mukanatero, ndikukudziwani. Koma kwathu chipatso choyamba cha m'munda sichinkalowa mkamwa mwa mwana mwini munda asanalawe. Ngakhale dzungu, ngakhale mzimbe. Unkatha kufa ndi njala uli pakati pa chimanga chokhwima, kudikira akulu. Ine mwambo umenewo ndinausunga ndi ndodo. Tinkalondera mosinthana, ndipo palibe mwana amene anayerekeza kutola ngakhale logwa lokha.

Tsiku lolawa linali m'nyengo yachisanu, m'mawa. Kunabwera anthu ambiri, ena ochokera mpaka ku Mphamba, kudzaona chipatso chokoma kuposa uchi. Adada anakhala pa mpando wachikopa, aZondiwe pambali pawo, nkhwangwa itatsamira bondo. Gulu la Khasu linaima pamzere. Ine ndinasankha chipatso chachikulu kuposa zonse, n'kugwada, n'kupereka ndi manja awiri.

Adada anasenda pang'onopang'ono. Anagawa pakati, naponya theka lonse mkamwa.

Chibwano chawo chinaima. Mtsempha wa m'khosi unadzuka ngati chingwe. Diso lamanzere linatsinzina lokha, n'kutulutsa msozi umodzi. Ine ndinati mumtima, taonani, kukoma kwawaliza. Anayambanso kutafuna, pang'onopang'ono, nameza, ndi nthanga zomwe. Kenaka, m'malo mopatsira mkulu wawo theka linalo monga mwa ulemu, analiponyanso mkamwa. Anthu anang'ung'udza.

“Nanga ine, mphwanga?” anafunsa aZondiwe. “Nabwela kuzaonelela?”

Adada anakhosomola kawiri mawu asanatuluke.

“Chikoma,” anatero. “Chikoma kwambili. Koma mitengo ikali yanthete. Ng'ombe yoyamba kubala sitiithamangila kukama. Dimba nilanga, ndipo nikuti zaka ziwili munthu asadyeko. Zipatso zonse izi muthothole lelo, mukwilile pansi, zikhale manyowa.”

“Nanga misoziyo?”

“Mphepo.”

AZondiwe anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka ananyamula nkhwangwa yawo n'kumapita, akupukusa mutu. Anthu anabalalika akudandaula kuti mkulu uyu ndi womana. Mbiri imeneyo inawamatirira adada zaka ziwiri zathunthu, munthu amene sankadya yekha ngakhale chiwala.

Ife tinayamba kuthothola, monga analamulira. Popeza mwini dimba anali atalawa, ndinabisala kuseri kwa mtengo, n'kuboola chimodzi ndi chala, n'kuyamwa. Ana inu! Makutu anga analira. Nkhope inakwinyika yokha, malovu n'kudzaza mkamwa. Ndinakumbukira funso la Tiyezge lija, ndinakumbukira amama akubwera kosuma ndi kadengu kosadzaza, ndinaona msewu wa ku mafamu. Ndipo ndinazindikira chimene adada anameza pamaso pa anthu, kawiri konse, osalavula. Ndinauza anzanga kuti akwirire msanga, aliyense asalawe, ndi lamulo la mwini dimba.

Adada ndinawapeza kukhola, akuyesa kutafuna mtedza koma mano atayayamira ndi kuwawasa kwa chipatso chija.

“Yotamu, n'chiani chija wanidyetsa?”

Ndinawauza zonse, za kansalu, za mipeni, za kupatulira.

“Panalibe wokuuza?”

“Analipo, adada. Tiyezge.”

“Ndiye unamuchita chiani?”

“Ninamuchotsa m'gulu.”

Ndinadikira ndodo. Ndikanakondwa nayo ndodoyo, ikanandipepuza. Iwo anangolavula mtedza uja nati, “Nakugulila zaka ziwili na mano anga. Zina nilibe. Pita ukagwade kwa mwana wa eni.”

Kugwadira mtsikana masiku amenewo, mnyamata wa ndevu! Ndinazungulira mudzi wa kwawo kawiri ndisanalowe. Ndinamupeza akusinja. Anandisiya chigwadire mpaka mphale inayera, amayi ake akuseka kuseri kwa nkhokwe. Atatha anati, “Mwabwela na makutu lelo, a kapitawo?” Ndinati ndabwera nawo onse awiri.

Sabata yomweyo tinabwerera ku boma, ine, Tiyezge ndi anyamata awiri. Mlangizi atamva zimene ndinachita anaseka mpaka kukhala pansi, naitana ndi anzake kuti ndibwereze. Koma anali munthu wabwino. Anatiphunzitsa kugwira mpeni, kusema kanthambi, kulumikiza khungwa ndi khungwa, kumanga molimba. Tinayeserera pa timitengo ta kutchire mpaka zala kutuluka magazi. Anatiuzanso kuti sitinataye zonse: matsinde a mandimu aja anali ndi mizu yakuya tsopano, ndipo malalanje enieni tinali nawo kale pamudzi, pa mtengo umodzi uja wofika m'chiuno.

Nyengo yake itakwana tinadula mitu ya mitengo yanga yonse, mitengo imene ndinkaonetsa alendo. Tinthambi tonse tinatenga pa mtengo wa Tiyezge, iye akuloza, ine ndikumvera. Anthu akafunsa chimene tikuchita, adada ankayankha kuti ndi za kusukulu. Mitengo isanu ndi iwiri inagwira, inayi inauma. Ndipo mphukira ya minga ikangosuzumira pansi pa chomangira, ndinkaithothola isanaone dzuwa lachiwiri.

Zaka ziwiri zitatha tinasonkhananso, anthu ochepa tsopano, chifukwa ambiri anati sangayendere munthu womana. Malalanje anali ochepa, osalala, onunkhira ngati lija la m'kalasi. Ndinagwada, n'kupereka limodzi. Adada anasenda, nadya kachidutswa kamodzi. Kenaka anamwetulira, chinthu chimene sitinkachiona kawirikawiri, napatsa mkulu wawo zotsalazo.

AZondiwe anadya, madzi akutsikira m'ndevu. Ananyambita zala chimodzichimodzi. Atatha anatembenukira kwa mng'ono wawo.

“Mphwanga, tiuze zoona tsopano. Lija loyamba, limene unanimana, linali lokoma monga ili?”

Adada sanandiyang'ane n'komwe.

“Lija linali la mwana wanga,” anatero. “Nikanalilavula, nikanalavula iye.”

Ndinalira pomwepo, chigwadire, ndevu ndi ndevu, atsikana onse a Gulu la Khasu akuona.